Galu wa pa Nsanjika Yachinayi

Candela analemba mndandanda pachikuto cha kope la masamu,
mayina asanu ndi awiri, ena atawazunguliza kawiri.
Pamwamba penipeni: hasiki,
uja wa maso obiriwira ngati galasi la botolo.
Ndinamutengera pakhonde masana a Julaye,
Córdoba yense akutentha ngati uvuni,
phula la mumsewu likumata kunsapato.
Ndinati, tavala jekete la amayi ako, uime pano mphindi zisanu.
Anaima ziwiri.
Anabwerera m'nyumba n'kufufuta dzinalo yekha.

Fermín ankafuna wamkulu, woti azikwerapo ngati bulu.
Zaka zisanu, sadziwa mtengo wa thumba la chakudya,
sakumbuka kuti chikepe chathu chinafa chaka chatha
ndipo masitepe alipo makumi asanu ndi limodzi kudza anayi.
Ine ndimawawerenga usiku uliwonse
ndikatsika m'basi imene ndayendetsa tsiku lonse.
Galu akadzakalamba, miyendo n'kukana,
adzamunyamula ndani? Msana uwu?

Inmaculada sanalembe dzina lililonse.
Amagwira usiku kuchipatala, amagona masana.
Anangoti: asakhale wouwa.
Apo bigo anagwa, ndi kachiwawa komwe,
kaja kokalipira ngakhale chithunzithunzi chake.
Labuladoro anakhalitsako masiku atatu
mpaka tinayeza pabalaza ndi mapazi:
mchira wokhawo ukanasesa makapu onse patebulo.

Loweruka tinapita kuseri kwa minda ya maolivi
kumene amasunga agalu otayidwa.
Mayi wina, Remedios, ubweya mpaka m'tsitsi,
sanafunse mtundu umene tikufuna.
Anafunsa: mumadzuka nthawi yanji?
Nyumba imakhala yopanda munthu maola angati?
Adzatuluka naye ndani mvula ikugwa mu Januwale?
Sindikufunsa wolonjeza, ndikufunsa wodzatulukadi.
Ana anandiyang'ana.
Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Kenako anatsegula khola lakumapeto.
Galigo. Nthiti zochita kuwerengeka, miyendo ngati ndodo,
chipsera cha chingwe kuzungulira khosi.
Alenje anamusiya nyengo yosaka itatha.
Ndinati, uyu ngwaliwiro, atipha ndi kuthamanga.
Remedios anaseka:
theka la ola athamange, kwatsalako ndi tulo basi.
Koma musamumasule pafupi ndi msewu,
akaona mphaka makutu amagontha.
Ndipo alibe mafuta m'thupi,
kukazizira mumusokere chovala.

Fermín anathamangitsa dzanja, galu anabwerera chambuyo.
Candela sanachite kanthu.
Anangokhala pasimenti, nkhope kumbali,
ngati munthu wodikira basi yochedwa.
Panapita nthawi, ndithu panapita nthawi,
mphuno yaitali ija n'kufika pabondo lake,
n'kukhazikika pomwepo.

Pamndandanda uja iye panalibe.

Tinamutcha Humo, poti ndi wotuwa ngati utsi.
Masitepe sankawadziwa, anali asanawaonepo.
Sabata ziwiri zathunthu ndinamunyamula,
makilo makumi awiri ndi asanu a mafupa ndi mantha,
msana womwewu.
Mpando wandalema anatilanda, tinangomusiyira.
Anatafuna chipewa changa chakuntchito,
abwana sanakhulupirire.
Kuuwa tamumvapo kamodzi kokha, ali m'tulo,
mwina akupirikitsa chinachake m'minda yakale.
Inmaculada amagona masana,
iye ali phee kumapazi kwake, ngati nayenso wachokera kuchipatala.

Tsopano ndi Januwale.
Faivi koloko m'mawa, mvula ikuwaza pazenera.
Ana ali m'tulo, malonjezo awo agona nawo.
Ndikumuveka chovala chake,
chodulidwa ku jekete lija la amayi awo,
mabatani atatu, limodzi losiyana ndi anzake.
Tikutsika.
Iye patsogolo, zikhadabo zikulira pamasitepe,
pokhota paliponse akuima, kutembenuka,
kuona ngati ndikubwera.
Ndikubwera, Humo.
Mawondo awa si a galigo.